Nyenje ya m'Khutu Lamanzere

Lolemba, 2 Epulo 1956

Dzulo pa Pasaka ndinatuluka m'tchalitchi nyimbo yachiwiri isanathe. Chinayambitsa ndi belu, chitsulo cha njanji chija chopachika pamtengo wa mango. Atangochimenya, m'khutu munayaka moto. Kenako anthu kuimba ndi mphamvu zawo zonse. Ndinakakhala kuseri kwa mpanda ngati wotsekula m'mimba. Amayi a Mvano anandiona. Alefa, mmodzi wa iwo, wayamba kale kunena kuti ine Enelesi masiku ano ndikunyada.

Milungu itatu tsopano khutu lamanzere likulira. Tsiii, osapuma, ngati nyenje ya mwezi wa Okutobala. Ndizingoitcha nyenje.

Ndilembe muno mmene inabwerera, poti pakamwa sindinganene. Kope ili linatsala pamene ndinkaphunzira ku mishoni, palibe amalitsegula. Tinali ndi mapemphero a pamudzi pakhonde pathu pano. Amuna anga a Bizweki (ndizilemba aB.) ankawerenga mawu, nalumpha mzere wathunthu. Ine ndi kamwa langali ndinangoti, "Mwasiya mzere, bambo." Chapansipansi. Anthu awiri atatu anaseka. Alendo atapita, aB. anatseka chitseko. Khofi limodzi lokha. Ndinagwera pamtsuko. Podzuka, dziko lonse likulira.

Lachinayi, 5 Epulo

Kusinja kwandikanika. Munsi ukagunda mumtondo, nyenje ikukwera mpaka m'mano. Ndathira mafuta a nsatsi ofunda masiku awiri. Angondidetsera mpango.

Ndinawafunsa aB., "Kodi inuyo simukumva kanthu?"

"Kumva chiyani? Amake Rozi, musandiyambitsire zamisala pano. Mwezi wamawa akulu a mpingo akubwera kudzaona banja lino."

Awasankha kuti akhale dikoni. Jekete achapitsa kale.

Loweruka, 7 Epulo

Tulo palibe. Rozi anandiitana katatu kuti ndimupatse madzi, ndinamva kachitatu. Mwana wa zaka zinayi kundifunsa ngati ndamukwiyira.

Lachiwiri, 10 Epulo

Kuchipatala. Anandikweza panjinga okha aB., njira yonse kupereka moni kwa anthu kuti awaone akusamala mkazi.

Bambo wa pachipatalayo, amene tonse timangoti adokotala, anandiunika ndi tochi nthawi yaitali. Anati mkati munang'ambika koma mukupola. Kenako, "Munatani, mayi?" aB. ali chiimire pakhomo, chipewa m'manja. Ndinati ndinagwera pamtsuko. Si bodza. Adokotala anayang'ana ine, nayang'ana pakhomo, nalemba.

Akuti mafuta ndisiye, madzi asalowe, phokoso lalikulu ndizilithawa. Ndinafunsa za mankhwala oletsa kuliraku. Akuti palibe, ngakhale ku Zomba. Mwina kudzatha, mwina ayi. "Ambiri amazolowera, mayi. Muzolowera."

Liwu limeneli ndinalimva kale. Anankungwi anandiuza lomweli tsiku la ukwati wanga. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuzolowera. Tsopano ndizolowerenso ichi.

Pobwerera aB. anali kuimba mluzu. Akuti, "Mwamva? Palibe matenda."

Lachisanu, 13 Epulo

Ndinapita ku Kachulu kukafuna matemba. Mayi wina wachiyao amene amawamba nsomba pafupi ndi doko, dzina lake Fatuma, anandiyang'anitsitsa ndikupendeketsa mutu kuti ndimve zimene ankanena.

"Achemwali, khutu lanu ndi liti, lamanja kapena lamanzere?"

Ndinati lamanzere. Iye akuti ake ndi onse awiri, zaka zisanu ndi zitatu tsopano, chichokere ku malungo aakulu amene anamwera kwinini wambiri. Ndinakhala pansi pomwepo pamchenga. Munthu woyamba kundikhulupirira, ndipo si wa mpingo wathu, si m'bale wanga.

Ndinamufunsa ngati nyenje yake ikuliranso panthawiyo. Anaima kaye, nsomba ili m'manja. "Mwandikumbutsa ndinu. Eya, ilipo."

Zimene anandiuza: m'nyumba ya zii musamakhalemo, ndimo mmene imanenepera. Khalani pamene pali madzi, mphepo, anthu. Tiyi wakuda uja siyani, fodya wa m'mphuno siyani, kwa iye zinkaikwiyitsa. Manja asamakhale chabe. Ndipo musamadzuke m'mawa n'kuyamba kuifufuza ngati ilipo. "Ilipo basi. Mukaipatsa mpando imakhala ngati mlendo wa njala."

Ndinabwerako ndi ukali. Zaka zisanu ndi zitatu! Ine ndimafuna wondiuza tsiku limene idzathe.

Lamulungu, 15 Epulo

Kutchalitchi sindinapite. Belu ndinalimvera kudambo, patali, ndipo silinandipweteke. Kafodya kanga ndataya mumtsinje wa Likangala. Tiyi ndiye akundivuta kusiya, mutu ukuwawa.

Lachitatu, 18 Epulo

Mpunga wayamba kucha, mpheta zafika. Ndamanga msasa wa njedza pachulu cha pakati pa munda wa amayi anga malemu, ndasamukira konkuno ndi Rozi. Ndawauza aB. kuti ndikudikira mbalame. Theka lake ndi loona.

Anzanga m'minda yoyandikana akumenya zitini. Ine chitini sindingathe. Ndakoka zingwe kuchokera pamsasa kukafika m'mphepete monse, ndamangirira nsanza ndi masamba a mgwalangwa. Ndikakoka, munda wonse ukugwedezeka. Zouma mutu ndikuzigenda ndi matope.

Achule akuno ndi ochuluka kuposa anthu a ku Songani tsiku la msika. Akayamba madzulo, nyenje ikusokonekera pakati pawo, osadziwika kuti wanga ndi uti. Ndagona mpaka tambala. Koyamba chichitikire.

Udzudzu wokha.

Lolemba, 23 Epulo

Masana dzuwa likafika pamutu, mphepo n'kuleka, mbalame n'kubisala, nyenje imabwera yonse. Nthawi imeneyo ndimafuna kulowetsa chitsotso cha udzu m'khutu n'kuboola. Lero m'malo mwake ndinayamba kuluka mkeka, ndikuwerenga mizere mokweza ngati mwana wa Sitandade 1. Zinathandizako pang'ono. Osati kwambiri.

Munthu amene anandimenya akudya bwino, akugona bwino, akuphunzira mapemphero atsopano. Ine ndasiya tiyi, ndasiya fodya, ndasiya kuimba, ndasiya nyumba imene ndinazira ndi manja anga. Wolakwa ndani kuti wosintha moyo ndikhale ine?

Lachisanu, 27 Epulo

aB. anabwera, buluku atapinda mpaka m'mawondo, nsapato m'manja. Anamunyamula Rozi, namupatsa nzimbe. Kenako kwa ine:

"Anthu akuyankhula. Akuti dikoni wanji amene mkazi wake amagona kudambo ngati mlamba. Lachinayi likudzali kukubwera a Fanuelo ndi mnzawo. Mukapezeke pakhomo, musese, muphike."

Ndinati ndibwera. Ndinatinso, "Bambo, ndikufuna chinthu chimodzi. Munene kuti khutu ili munaliwononga ndinu. Muno mokha, palibe akumva."

Anayang'ana mpunga. Anati chaka chino wachita bwino. Ndinabwereza. Anati, "Iwe, kakhofi kamodzi? Amayi anga ankamenyedwa ndi mpini koma sanamvepo nyenje." Anatenga nsapato zawo napita.

Loweruka, 28 Epulo

aB. atuma atsibweni anga a Enoki, amenenso ndi ankhoswe athu. Ndinawauza zonse, kuyambira pa mzere uja. Anamvetsera, mutu uli pansi. Ndinaona kuti zawakhudza. Koma potsiriza akuti, "Mwana wa mlongo wanga, zimenezi tidzakamba mwakachetechete udikoni ukadutsa. Ulemu umenewu ndi wa mudzi wonse. Mkamwini wathu akakwera, takwera tonse. Banja ndi kupirira."

Ndinawafunsa kuti likanakhala khutu lawo akanapirira mpaka liti. Anati ndayamba mwano, n'chifukwa chake zinthu zimandigwera.

Lachinayi, 3 Meyi

Ndinasesa. Ndinaphika nkhuku. Ndinavala mpango woyera. M'nyumba muja muli zii, nyenje inali ngati ikufuna kutulukira m'diso.

A Fanuelo, mkulu wa mpingo, anapemphera, nafunsa aB. mafunso awo, onse anayankhidwa bwino. Kenako anatembenukira kwa ine. Ndinawapempha abwereze chifukwa anakhala mbali ya kumanzere. Anabwereza mokweza: "Mayi, kodi m'nyumba muno muli mtendere? Nanga bwanji simukuoneka kutchalitchi?"

Ndinali nditakonza zonena kuti ndi mbalame. Zoonadi ndinali nditakonza. Koma aB. anayankha m'malo mwanga, akumwetulira: "Amavutika ndi maganizo pang'ono, abambo. Amamva zinthu zimene palibe. Tikuwapempherera."

Pamenepo ndiye ndinati, "Ndimamva chimene anandiikamo iwowa. Anandimenya khutu ili chifukwa ndinawauza kuti asiya mzere. Likulira kuyambira tsiku limenelo. Belu sindingalipirire, nyimbo sindingaimbe, mwana wanga akaitana mbali iyi sindimumva."

Nkhuku inatsala m'mbale. A Fanuelo anafunsa aB. ngati zili zoona. aB. anati, "Kunali kulangiza chabe." Sanakane. Mawu amene ndinawapempha kumunda anawanenera pamaso pa alendo, ndipo anawatcha kulangiza.



Lamulungu, 6 Meyi

Alengeza. Udikoni wa aB. auimitsa miyezi isanu ndi umodzi kuti akonze banja lawo. Miyezi isanu ndi umodzi. Ine andidzudzula chifukwa chosiya nyumba ndi kuchititsa manyazi mwamuna pamaso pa alendo. Wabwera kudzandiuza ndi Alefa, mpaka kumsasa kuno, matope onsewa, kuti aone nkhope yanga ikamamva. Ndinamupatsa chingwe kuti akoke poti wabwera kale. Sanakhalitse.

Lachitatu, 9 Meyi

aB. apita kwawo ku Songani. Atenga njinga, jekete, mpando wopinda ndi nyali. Sanatsanzike. Rozi akufunsa, ndikumuuza kuti apita kukaona agogo.

Ndinaganiza mopusa kuti mwina akachoka nyenje nayonso ichoka. Ndinalowa m'nyumba, ndinaima pakati, ndinamvetsera. Tsiii. Mwini wake wapita, katundu wake wandisiyira.

Ndabwerera kwa achule.

Lachiwiri, 15 Meyi

Pachitsime akandiona nkhani imatha. Chabwino. Ndimatunga mofulumira.

Lolemba, 21 Meyi

Fatuma anadutsa ndi dengu la nsomba, napatukira kumsasa. Ndinamuuza zonse. Sananene kuti ndinachita bwino, sananene kuti ndinalakwa. Anangofunsa ngati ndikugona. Ndinati masiku ambiri. Ngati ndikudya. Ndinati eya. Anandiphunzitsa kupinda kansalu kofewa n'kutseka khutu ndikamasinja, ndi kusinjira panja pamphepo osati pakhonde. Ndayesa. Ndasinja lichero limodzi, mano osawawa.

Akuti mpunga ukatha ndisabwerere kukadzitsekera. Ndisamutse mphasa ndiziyala mbali ya nthochi, masamba ake sakhala chete. Nanga achule akadzaleka m'chilimwe? Akuti pofika nthawiyo sindidzawafunanso kwambiri. Sindikukhulupirira. Komabe nthochizo ndakaziona.

Zimandipsetsa mtima kuti zonsezi zikuthandiza. Ndikapeza bwino, anthu adzati mwaona, sichinali kanthu.

Lachiwiri, 29 Meyi

Masiku anayi tsopano ndikudula mpunga. Ndekha, ndi kampeni, ngala imodzi imodzi. Ndinayamba mame asanaume. Rozi amathamangitsa ziwala m'mbali, akuimba nyimbo yake yopanda mutu. Mitolo khumi ndi iwiri dzuwa lisanafike pamutu.

Atsibweni anabwera ndi uthenga. aB. akuti ndi okonzeka kubwerera, adzathandize kukolola, zakale ziiwalike. Akuti andikhululukira.

Ndinafunsa kawiri, mwina khutu landinamiza. Akuti eya, andikhululukira.

Ndinati, "Atsibweni, kawauzeni kuti mpunga ndadula kale theka, wotsalawu nditha. Munda uwu ndi wa mlongo wanu. Akafuna kumuona Rozi, njira akuidziwa. Koma mphasa yawo asabwere nayo."

Anati ndiganize bwino, mkazi wopanda mwamuna ndiponso wogontha adzamutola ndani. Ndinati sindinagwe. Kenako anatola mtolo umodzi, nausenza kukautula pachulu, napita. Sindikudziwa ngati kumeneko kunali kuvomera kapena chisoni chabe.

Atapita ndi pamene ndinazindikira. Kuyambira m'mawa uja, mitolo yonse ija, mkangano wonse uja, nyenje sindinaimve. Ndinaima chilili, kampeni m'manja, madzi m'akakolo, kuifufuza ngati mbuzi yosochera. Ndinaipeza. Pomwe paja, mawu omwe aja, sinachepe ngakhale pang'ono.

Rozi anakuwa kuti wagwira chiwala chachikulu, ndibwere ndidzaone. Ndinapita kukaona.