Mwezi Umene Sindinaudikire

Amayi anga, kodi kumene muliko kuli bwanji? Ife kuno ku Wimbe tilipo, tikuthirira nazale za fodya m'mawa ndi madzulo. Chimanga chaka chino sitinapate chambiri, koma sitikugona ndi njala. Apongozi anu, amuna anga, msana ukuwavuta, komabe kudambo sajomba. Makani awo mukuwadziwa.

Nkhani yaikulu ndi yakuti mdzukulu wanu Yusufu, uja munkamuseka kuti miyendo ngati nsungwi, tsopano ndi bambo. Mkazi wake wachira, mwana ndi wamkazi. Yusufu anafuna kuti pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, pometa mwana tsitsi, amutche dzina lanu, Patuma. Ine ndinakana. Lero ndikuuzeni chifukwa chake, poti ndachisunga mumtima zaka zisanu ndi ziwiri.

Pamene munkadwala ku Machinga ine sindinabwere. Inali nthawi yosankha fodya, ndipo bwana wa esiteti anati matenanti tisachoke mabelo asanapite ku okushoni. Ndinati ndidikire sabata imodzi yokha. Tsiku limene munatisiya, mwezi unada n'kufiira ngati magazi. Ndinauona ndili pakhomo pa chigafa, ndinathawira m'nyumba n'kudzifunda chitenje mpaka kunacha. Nditafika kumudzi mutaikidwa kale, azakhali anandiuza maso ndi maso: "Mwezi uja unauona? Amako apita ndi mkwiyo chifukwa cha iwe." Ndinakhulupirira, Amayi. Ndiye ndikanatenga bwanji dzina la munthu wondikwiyira n'kulisenzetsa khanda?

Mwanayo ali ndi masiku anayi, wailesi inalengeza kuti mkuja kukhala kadamsana wa mwezi. Halima, chitsiriza wanga amene ali folomu folo, anaona kuti ndasiya kudya. Nditamuululira, anatseka zenera, anayatsa tochi, n'kundigwiritsa dzungu, iye n'kutenga ndimu. Anati tochi ndi dzuwa, dzungu ndi dziko, ndimu ndi mwezi. Atapititsa ndimuyo kuseri kwa dzungu, inalowa mumdima. Kufiirako akuti ndi kuwala kwa dzuwa kodutsa mu mpweya wa m'mbali mwa dziko, monga limafiirira likamalowa nyengo ya fumbi. Ndinamuseka kuti dziko la Mulungu walisandutsa ndiwo. Koma anawonjezera mawu amene anandikhazika pansi. Akuti odziwa za kuthambo amadziwiratu tsiku la kadamsana zaka zambiri lisanafike. Ndiye kuti mdima uja unali kale m'njira inu musanayambe n'kutsokomola komwe.

Madzulo a tsikulo, mwezi utayamba kudyeka, ashehe anatiitanira ku kamzikiti kaudzu kamene tinamanga ife matenanti ochokera kwathu. Swala ya kadamsana ndi yaitali, mumawerama kawiri pa rakaa iliyonse, chigawo chilichonse cha pempherolo, moti mawondo anga anayamba kudandaula. Titamaliza, ashehe anatiuza kuti tsiku limene Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, anataya mwana wake wamwamuna, dzuwa linada, anthu n'kumati likulira maliro. Mtumikiyo, misozi ili m'maso, anawatsutsa. Anawaphunzitsa kuti dzuwa ndi mwezi ndi zizindikiro za Allah, sizida chifukwa cha imfa kapena kubadwa kwa munthu, ndipo tikaziona tiziswali, tizipempha chikhululuko ndi kupereka sadaka. Ndinalira kumbali kwathu kwa azimayi mpaka mpango unanyowa. Ngati kumwamba sikunade chifukwa cha mwana wa Mtumiki, kukanada bwanji chifukwa cha ine, tenanti wamba?

Ulendo uno sindinathawe. Ndinayala mphasa panja n'kukhala. Mbali imodzi inayamba kuyera, pang'onopang'ono, mpaka mwezi wonse unabwerera wathunthu. Amayi, zaka zonsezi ndinali ndisanauone ukubwerera. Ndinakumbuka mmene munkandinenera ndikanyanyala pakati pa nkhani: "Iwe Mariamu, khala pansi, umve mpaka kumapeto." Ndinakumbukanso mawu anu omaliza pa foni, amene mawu a azakhali anawakwirira: "Usathamange mwanawe, malizani fodyayo kuti ana adye." Munthu wokwiya salankhula choncho. Ndimakusowanibe, ndipo zoti sindinakugwireni dzanja zimandipwetekabe, koma mantha aja atha.

Kutacha tinazinga mbuzi, mwana tinamumeta. Ashehe atafunsa dzina, ndinayankha ndine Yusufu asanatsegule n'komwe pakamwa. Patuma ali ndi mphumi yanu, ndipo akafuna chinthu sanyengerereka, ngati inu nomwe.

Dua yokupemphererani sindidzaiwala pa swala iliyonse. Ndipo ndikulonjeza kuti kadamsana akadzabweranso, Mulungu akalola, ndidzamutulutsa panja Patuma, tidzakhale pa mphasa imodzi, osalowa m'nyumba mpaka mwezi utayera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Mariamu