Zenera Lomwe Ndinamata

Lolemba, 7 Juni 1954

Chiperoni tsiku lachitatu. Nkhungu mpaka pakhomo, ngakhale chumuni cha fakitale osaoneka. Mwana wanga Amosi wabwera kuchokera kosefera tiyi ali bii, fumbi mpaka m'nsidze. Akamina, tiyi. Akalavula, tiyi. Ndamuuza azilavulira m'ketulo, mwina nafenso tingalaweko tiyi wa Mzungu. Waseka, kusekako kwasanduka chifuwa mpaka wagwira khoma.

Zaka zisanu ndi zinayi akukoka fumbi limeneli. Koma fumbi ndi la masiku onse. Chamuonjeza ndi mphepo yozizirayi, ine ndikudziwa.

Lachinayi, 10 Juni

Kapitawo Bizwick pakhomo m'mawa, mphuno m'mwamba ngati wanunkhiza nyama yootcha. Akuti ndani amatsokomola muno mpaka layini yonse ya nyumba za antchito kumva. Ndati ndine, kodi nkhalamba imapempha chilolezo potsokomola? Ndamutsokomolera kawiri pomwepo kuti akhute.

Nyengo ino tiyi wachepa, akuchotsa anthu. Wodwala ndiye woyamba. Ntchito ikatha, nyumba yathanso, ndi ya esiteti. Tipite kuti? Kwathu kwa Apwitikizi ndinachokako ndili kumsana kwa mayi. Ngakhale njira sindiidziwa.

Loweruka, 12 Juni

Ndamata zenera ndi dothi la pachulu. Mpata wa pansi pa denga ndatsekera udzu, ming'alu ya chitseko sanza. Mphepo isalowe, chifuwa chisatuluke. Moto wa bulugamu pakati pa nyumba, masamba ake mumphika, Amosi m'bulangeti kufukiza mpaka thukuta. Mayi anga ankatero.

Mpongozi wanga Jean akuti tisiyeko kampata, utsi uzitulukira. Sukulu zaka zitatu, ndiye aziphunzitsa ine kulera mwana amene ndinabala ndekha! Ndawauza kuti nzeru zawo akazithyolere m'dengu la tiyi, muno tili nazo kale. Anyamula dengu lawo n'kutuluka.

Mphasa ya Lestina, mdzukulu wanga, ndaisendeza pafupi ndi bambo ake. Ndi pamene pali pofunda.

Lachitatu, 23 Juni

Amosi akupitabe kuntchito. Akuti m'fakitale makina amaphokosera, chifuwa sichimveka. Kumeneko makina, kuno dothi langa. Bizwick sanabwerenso.

Nyumba yafunda. Makoma akuda, maso athu tonse psuu. Chimanga chouma pautsi sichifumbwa, ndiye munthu alekerenji.

Magazi pansanza ya Amosi. Pang'ono, ngati waphwanyirapo nsikidzi. Ndaiponya pamoto Jean asanaone.

Lachiwiri, 6 Julayi

Amosi anagwa pasefa dzulo. Anzake anamunyamula pathumba mpaka kuchipatala cha esiteti. Ine ndi Jean pambuyo, kuthamanga, nkhalamba yonse ine.

Bambo wa pachipatala wamumvetsera pamsana nthawi yaitali. Chifuwa chachikulu. Akuti fumbi linakanda mapapo, matenda n'kupeza polowera, utsi n'kumalizitsa. Wafunsa timagona angati m'chipinda. Anayi. Zenera lilipo? Jean wayang'ana pansi. Ndayankha ndekha kuti ndinamata.

Sanakalipe. Wangovula magalasi. "Mayi, mpweya si wa munthu mmodzi. Umene watuluka mwa uyu, walowa mwa inu nonse."

Akuti muli tizilombo tosaoneka touluka munthu akatsokomola, ndipo mphepo ndi dzuwa ndiye zimatichotsa. Ndinafuna kumufunsa ngati anationapo. 

Njira yonse Jean sanandinene kanthu. Bola akanandilalatira.

Lachisanu, 9 Julayi

Lole yamutenga Amosi kupita kuchipatala cha ku Boma. Bizwick wabwera masana, chipewa m'manja, ulemu wonse. Nyumba tituluke mwezi ukatha. Zomwe ndinkaopa pomata zenera zachitika ndithu, ndi zina pamwamba.

Ndagumula dothi ndi mpini wa khasu. Linauma gwa, ndinamata bwino, ine sindigwira ntchito yaulesi. Mphepo yalowa ndi fungo la tiyi wodulira ndi mvula ya kuphiri. Ndaima pamenepo kupuma ngati ndikuba.

Lamlungu, 18 Julayi

Wapansi mpaka ku Boma. Amosi amugoneka pakhonde, mphepo ikumuomba, yomweyo ndinkamubisira. Nthiti zowerengeka. Akamapuma m'chifuwa mukulira ngati wezulo ya m'mawa ya kufakitale ikamatha. Mawu atatu, kupuma. Mawu atatu, kupuma.

Akuti m'kamwa mukumvekabe tiyi. Wafunsa za Lestina. Ndati ali bwino, akusewera. Wafunsanso. Ndabwereza.

Pobwerera ndimayang'ana mitengo ya bulugamu ikugwedezeka. Mpweya wonsewu, waulere, wodzaza dziko mpaka ku Khonjeni, koma wokwanira mwana wanga palibe.

Lachiwiri, 20 Julayi

Lestina sanadye kuyambira dzana. Thupi kutentha madzulo, m'mawa mphasa yonyowa ndi thukuta. Ndimati chimfine cha chiperoni. Ndanena choncho kwa Jean, ndanena choncho kwa Mulungu.

Lero masana ndamupeza pamafuwa, wanjuta, akukankhira kansanza m'moto ndi kamtengo. Ndamugwira dzanja. Kansanzako ndakaona kasanapse, kali ndi magazi.

Zaka zisanu ndi chimodzi. Wandiyang'ana monyadira, ngati wasinja yekha koyamba.

"Ndatentha ngati inu, agogo. Amayi asaone."

Zenera lili pululu. Wezulo yalira, othyola tiyi akutsika. Dengu la Jean ndikuliona pamtunda paja. Ndiyambira pati kuwauza kuti Lestina nayenso walavula magazi?