Mphaka Waubweya ndi Dzanja Lonyanyala

Lolemba, 3 Juni

Chigamulo chaperekedwa. Khoti lake: chipinda cha mafizo, mipando yapulasitiki, fungo la mankhwala opaka. Woweruza: mayi wa mafizo. Woimira boma pa mlandu: mwana wanga wobereka ndekha, amene chidwalireni sitiroko ndimamutcha Nduna. Woimbidwa mlandu: dzanja langa lamanzere, lomwe lanyanyala ntchito miyezi inayi tsopano osanena chomwe likufuna.

Lachisanu la sabata yamawa, pa 14, adzaliyezanso. Likaonetsa kuti likubwerera, ndikhalabe m'nyumba mwanga muno, ndekha. Likapanda kutero, ndisamukira kwa Nduna, m'kachipinda koyandikana ndi galaja momwe mkamwini amasungamo njinga yake ija yopalasa osapita kulikonse.

Ntchito ya kunyumba, ndisankhe chimodzi: kufinya mpira, kutola nyemba pambale, kapena kuluka. Zaka makumi atatu ndikuphunzitsa ku yunivesite, lero ndizitola nyemba ngati nkhuku? Ndasankha kuluka. Singano za malemu mkazi wanga zilipo, m'chitini cha mabisiketi. Anandiphunzitsapo chaka chomwe anathyoka mkono, kuti ndimalize juzi la Nduna. Juzilo linatuluka mkono wina wautali, wina waufupi. Mwanayo anakula bwinobwino.

"Kanthu kakang'ono, bambo, kachidole. Koma mudzabwere nako ndidzakaone," anatero mayi wa mafizo.

Pokwera kuno Nduna amawerenga masitepe mokweza. "22, adadi. Masitepe awa adzakuphani." Ndamuuza kuti anzanga ambiri anafera pabedi, koma sindinamve nduna iliyonse ikuletsa mabedi. Sanaseke.

Lachiwiri, 4 Juni

Kusitolo ya ulusi. Pashelefu ya pansi ndaona wina waubweya, wotuwa, ngati mchira wa galu wokalamba. Mayi wogulitsa wandilanda m'manja. "Uwo ayi, agogo. Ngakhale ife akatswiri umatiliza. Masitichi ake saoneka. Mukalakwitsa simudziwa, ndipo kumasula kwake sikutheka."

Saoneka! Mawu okoma kuposa onse amene ndamva chaka chino. Ndagula mipukutu iwiri.

Ubweya ndimaudziwa ine. Zaka zonse zija ndinkachonga ubweya: masamba khumi a mawu ofewa, okoma kusisita, mkati mopanda mfundo ngakhale imodzi. Ena mwa eni ake anakhoza, lero amayenda ndi owatsegulira zitseko. Ndiye bwanji ine? Mayi wa mafizo adzaona mphaka wonenepa, adzamusisita, adzasaina.

Mphaka. Kuyambira kumatako, kumalizira kumutu. Masitichi 30 pa singano.

Lachitatu, 5 Juni

Ndadzitchera ndekha msampha, ndipo ndagwidwa ndekha.

Sitichi imene maso sakuiona imafuna chala choipapasa. Chala chake ndi chamkombaphala cha kumanzere, chomwecho chimene chili ngati ndinabwereka kwa munthu wina. Ndimakankha, sindikumva ngati ndakankha ulusi, ubweya kapena mphepo.

Mzere woyamba 30. Wachisanu 27. Wachisanu ndi chimodzi 31. Ngati mavoti: amachoka, amabwera, palibe mboni.

Ubweya m'mphuno, m'tiyi, pa thalauza. Phewa likuwawa. Masiku asanu ndi anayi.

Lachinayi, 6 Juni

Ketulo.

Ndinatsamira dzanja pambali pake ndikufuna supuni. Ndinayamba kumva fungo. Ululu ndinaudikira, sunabwere.

Thuza pachikhatho, kukula kwake ngati batani la jekete. Ndaliika m'madzi ozizira, ndamata pulasitala. Kenako ndakhala pa mpando wa mayi ake Nduna nthawi yaitali, ndikuyang'ana dzanjalo. Lili phee, ngati mlendo amene waswa kapu n'kumayang'ana kudenga.

Nduna akaona izi, Lachisanu lathera pomwepo. Galimoto ya katundu ibwera mawa lake.

Waimba masana. "Mwadya? Mankhwala mwamwa? Palibe chachitika?" Palibe, mama. Boma limakonda malipoti abwino, ndipo ine ndinaphunzitsa anthu ambiri kalembedwe kake.

Mizere itatu yokha lero.

Loweruka, 8 Juni

A neba a pa nambala 6 andipeza pakhonde ndikulimbana ndi chinthu changa. Mayi wamasiye, amalukira ana a sukulu majuzi, singano zake zimayenda iye akuonera kanema osayang'ana pansi.

"Aphunzitsi, ichi n'chiyani? Mbatata yamera tsitsi?"

Ndati mphaka, gawo la kumbuyo. Achitenga, atsinzina, ayamba kupapasa. Chala chatulukira mbali ina. Apa. Apanso. Apanso. Mabowo asanu ndi anayi kumatako kokha.

"Ubweya umanamiza maso, aphunzitsi. Chala sichinamizika."

Kenako chiyeso: "Bweretsani, kwatsala mutu basi. Ine masana amodzi ndamaliza, adziwa ndani?"

Ndawapatsa phunziro lonse la chilungamo, lomwe ndinkapereka chaka chilichonse mayeso akayandikira. Amvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa ngati ndili ndi machesi obwereka.

Thuza laphulika lokha. Silikuwawabe.

Lamlungu, 9 Juni

Nduna ndi mkamwini. Abwera ndi zipatso ndi tepi yoyezera. Zipatso zinali zophimbira tepiyo.

Dzanja lamanzere ndinalilowetsa m'mimba mwa mphaka ngati m'golovesi, ndipo lakhala momwemo maola awiri. "Ndikumutambasula," ndinatero. Mkamwini anagwedeza mutu. Munthu ameneyu amagwedezera mutu chilichonse, ndi chipani chotsutsa chimene boma lililonse limapempherera.

Ayeza shelefu ya mabuku. Kukachipinda kuja kulowa magawo awiri mwa asanu. Ayeza bedi, likwana. Ayeza mpando wa mayi ake. Tepi inabwerera m'chikhatho ndi kaphokoso kake kaja. Mpandowo sukwana.

"Si chilango, adadi," anatero Nduna akutsuka makapu, atandifulatira. "Ine ndi amene ndinakupezani pansi apa. Inu simukumbukira. Ine ndimakumbukira tsiku lililonse foni ikaitana kawiri osayankhidwa."

Maola asanu ndi anayi ndili pa simenti, amatero. Wawonda mwanayu. Tsitsi loyera pafupi ndi khutu, ndaliona lero. Nthabwala ndinali nayo yokonzeka kale, ndaimeza.

Lolemba, 10 Juni

Ndagogoda pa nambala 6.

Ine, amene ndinakhala m'komiti yochotsa ana asanu ndi awiri pa sukulu chifukwa chobera mayeso. Mmodzi analira, anati mayi ake akudwala. Ndinamuuza kuti malamulo sadwala. Lero ndakumbukira nkhope yake ndili pakhomo pa eni, mbatata yanga m'manja.

A neba sanandikumbutse phunziro la Loweruka. Angoti, "Khalani pansi, aphunzitsi," zomwe zinawawa kuposa.

Thupi alisiya momwe linalili, akuti kumasula ulusi umenewu n'chimodzimodzi kuthothola nkhuku yamoyo. Aluka mutu. Makutu awiri ofanana, maso a mabatani obiriwira, ndevu za ulusi woyera. Mphaka weniweni. Wakhala patebulo, akundiyang'ana ngati woyang'anira mayeso.

Lachitatu, 12 Juni

Dzulo sindinalembe. Ndinamutembenuza kuti ayang'ane kukhoma.

Lero ndang'amba pilo wakale, ndamuika thonje m'mimba, ndayamba kusoka pansi pake ndi singano yosongoka. Singano yaphonya nsalu.

Yandibaya. Chala chomwe chija.

Ndamva.

Pang'ono, patali, ngati wailesi ya m'nyumba ya anthu ena. Koma ndamva. Ndabayanso dala. Ndamvanso. Kachitatu magazi atuluka, ine ndikutukwana mokondwa, munthu wamkulu ndi madigiri anga.

Ndatsinzina monga anachitira a neba, ndayendetsa chalacho pamsana pa mphaka. Thupi lonse ndi msewu wa zigamba: apa pothina, apa potayirira, apa dzenje. Kufika pakhosi, mwadzidzidzi msewu wosalala, ngati uja amakonza kukamabwera alendo olemekezeka. Malire ake ndawamva bwinobwino.

Ngati chala changa chakufachi chadziwa pomwe pathera ine n'kuyambira a neba, nanga cha mayi amene wapapasa manja zaka makumi awiri?

Lachinayi, 13 Juni

Ndamudula mutu.

Ndikanakonda kulemba kuti chinandituma ndi chikumbumtima. Buku ili ndi langa, ndisadzinamize: ndi mantha ogwidwa pamaso pa mwana wanga. Chikumbumtima chinafika mochedwa, ntchito itatha, monga chimachitira, kudzajambulitsa.

Sizasi, ubweya nyumba yonse. Masitichi a pakhosi anali 26. Ndawasaka mmodzimmodzi ndi chala, maso ali kudenga popeza alibe ntchito. Maola awiri, ndapeza 24. Ndaluka mizere inayi ya khosi, mkono wakana.

A neba atamva: "Mutu wanga wokongola uja! Amuna inu, kukuthandizani n'kutaya ulusi." Mutuwo uli m'chitini cha mabisiketi, ukuyang'ana chivindikiro.

Mawa ndikukaonetsa khoti mphaka wopanda mutu, wobowoka kumatako. Pulasitala ndasintha, ndaika yaing'ono. Ndayang'ana mabuku, ndayamba kusankha m'mutu magawo awiri mwa asanu. Ndasiya.

Lachisanu, 14 Juni

Mipando yapulasitiki yomwe ija. Nduna ndi chikwama pamiyendo, wachigwira ndi manja onse.

Ndaika chinthucho patebulo. Mayi wa mafizo wachiyang'ana, wandiyang'ana, wafunsa ngati chinachita ngozi. Kenako watsinzina. Chala chachikulu chayamba ulendo kumatako.

"Asanu ndi anayi." Chakwera. "Pamimba anayi." Chakwera. "Pachifuwa limodzi." Pakhosi chazungulira kawiri. "Apa palibe."

Watsegula maso. "Anakuuzani ndani kuti mugule ulusi uwu, bambo? Uwu ndimapatsa anthu akatha chaka. Salukira maso uwu." Ndati ndimakonda zovuta. Nduna watsokomola.

Andimanga nsalu kumaso, andigwiritsa kiyi, batani, ndalama yachitsulo. Ziwiri ndadziwa. Batani ndati nyemba.

Mtima unayamba kukhala pansi. Ndipamene mayi wa mafizo anatembenuza chikhatho.

Pulasitala waimatula yekha, pang'onopang'ono.

"Liti?" Nduna, osakweza mawu.

Lachinayi la sabata yatha. Ketulo. Sindinamve.

"Tsiku lija munati palibe chachitika."

Watuluka. Chitseko sanamenyetse, bola akanamenyetsa. Mayi wa mafizo walemba pa pepala lake kuti dzanja likubwerera koma silinafike, ndipo wati zokhala ndekha si iye angagamule. "Dzanja ndi langa, bambo. Mwana ndi wanu."

Pobwerera, ine ndi Nduna m'galimoto. Pa maloboti ndaona kuti mphaka ali pamiyendo pake, chala chake chili m'bowo limodzi la kumatako, chikulowa n'kutuluka. Ankatero ndi juzi lija ali ndi zaka zisanu.

Masitepe sanawerenge. Walowa, wazula ketulo, waikulunga ndi chingwe chake, waipanira m'khwapa ngati nkhuku yolipira mlandu. Wagogoda pa nambala 6, akambirana za ine ndili pomwepo. Madzi otentha azichokera kumeneko mu fulasiki. A neba azigogoda m'mawa ndi madzulo, ndikapanda kuyankha ali ndi kiyi.

Pakhomo, osandiyang'ana: "Mukadzandinamizanso, sindidzayeza kanthu, ndidzangonyamula. Khalani mpaka mumalize mutu wa chinthu chanucho. Mukamaliza mutuwo tikambirananso."

Mpando wa mayi ake uli pomwe unali.

Lachitatu, 19 Juni

Mpaka mutu utatha. Mawu a boma amawerengedwa monga analembedwera.

Khosi: mizere 19. Bowo palibe. Mpukutu wachiwiri watsala pang'ono.

A neba, akutula fulasiki: "Aphunzitsi, mphaka wa kuti wa khosi lotere?" Ndawauza kuti kafukufuku watsopano waonetsa kuti sanali mphaka. Ndi kadyamsonga. Ati andinenera. Ndati akanene, iwonso ali ndi mutu m'chitini changa, umboni ulipo.

Fulasiki ndaigwira ndi lamanzere. Ndamva kufunda. Pang'ono.

Lamlungu, 23 Juni

Nduna, yekha. Wayang'ana chikhatho, chauma. Wayang'ana mankhwala, wawerenga. Kenako waona nyama yanga itagona patebulo, khosi likulendewera m'mphepete, singano zili kumapeto kwake.

Watulutsa tepi ija m'chikwama. Wayeza khosi kuyambira paphewa mpaka pa singano. Wayang'ana nambala nthawi yaitali. Ine ndikuyang'ana kudenga ngati dzanja langa tsiku la ketulo.

Wamwa tiyi, watsuka makapu, wandiuza kuti ndimete.

Atapita ndapeza kathumba kapepala pa mpando wa mayi ake. Ndinaganiza kuti ndi zipatso. Ndapisamo lamanzere osayang'ana, ndipo chala chadziwa maso asanaone.

Mipukutu inayi. Wotuwa, waubweya.

Mzere wa 32.