Shuga wa Mkamwini Wanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Joni tilipo. Tikadali m'chipinda chomwe chija cha ku Gezina, ndipo ntchito yanga ya m'nyumba ku Centurion ndikugwirabe, ngakhale mawondo ayamba kudana ndi masitepe a abwana. Mdzukulu wanu Mphatso ali ndi mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Liwu watengera inu ndithu, akayamba safuna kuyankhidwa. Ku Ntcheu akuti kachewere wachita bwino chaka chino, koma khola lanu la mbuzi linagwa ndi mvula, ndipo achimwene akungolonjeza kuti alimanga.

Nkhani yolemera ndi ya mkamwini wanu, bambo a Mphatso. Awapeza ndi khansa ya kummero, yomwe ija inakutengani inu. Tsiku limene adokotala ananena, ndinangokhala pansi pakhonde la chipatala.

Koma ndikufuna mumve za Tamanda, chitsiriza wanu, amene munkamupirikitsa kukhitchini chifukwa cha mafunso. Lero amagwira mu labotale ya yunivesite kuno ku Pretoria, ndipo matenda amene akulimbana nawo ndi anu omwewo. Akuti chotupa cha khansa n'chosusuka, chimadya shuga wa m'magazi kuposa mnofu wabwinobwino. Kuchipatala nakonso anachigwira ndi dyera lake lomwelo. Anawabaya bambo a Mphatso shuga woikidwa chizindikiro, chotupa n'kumuthamangira, n'kuonekera chowala pa chithunzi. Tamanda ndi anzake amaweta tizidutswa ta khansa m'timbale, n'kumayesa mankhwala oti atseke njira imene chotupa chimadyera, kuti chife ndi njala munthu ali wokhuta. Mwana amene ndinkamubereka kumsana uja, Amayi. Ndimamunyadira mpaka anzanga atopa nane.

Inu munkati, “Iwe Esnath, makutu ako amatseka munthu asanamalize kulankhula.” Simunaname. Pa zonse zimene Tamanda anafotokoza, ine ndinatolapo mawu atatu okha: khansa imadya shuga. Nditafika kunyumba ndinabisa shuga, phala ndinayamba kuphika lopanda kanthu, tiyi wowawa. Mukudziwa kuti kwathu wodwala sitimuzonda chimanjamanja. Amayi a kutchalitchi ankachokera ku Ga-Rankuwa atanyamula zigubu za thobwa, ine n'kumawalandira pakhomo ndi ulemu wonse, thobwalo n'kugawira aneba. Ena anayamba kundiyang'ana ndi diso loipa, koma ndinkati sadziwa za sayansi. Munthu amene kumeza kunali kale kovuta, chokhacho chimene chinkatsika bwino ndinamulanda. Sanadandaule. Ankangoyang'ana chigubu chikutuluka.

Titapita kuti akayambe mankhwala, anawakweza pa sikelo, adokotala n'kupukusa mutu. Anati thupi latha kwambiri, silingapirire, abwerenso akapezako mphamvu.

Tamanda atamva anabwera ndi thekisi madzulo omwewo. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma anandikhazika pa bedi, n'kundikumbutsa za kaufiti wa m'munda mwanu, uja amayamwa mizu ya chimanga. Anandifunsa ngati inu munasiyapo kuthira manyowa kuti kaufiti afe. Anati ukamumana munthu chakudya, thupi limasungunula mnofu wake womwe n'kupanga shuga, chotupa n'kudyabe, wofooka n'kukhala mwiniwake. N'chifukwa chake iye ndi anzake akufunafuna chotseka pakamwa pa chotupa chokha, osati pa wodwala.

Ndinamugwira dzanja, ndinati ndiye tenga mankhwala akowo uwapatse alamu ako. Apa ndi pamene ndinaona kuti munalera munthu. Sanandinamize. Anati akadali m'timbale, mwina zaka zambiri zipita asanafike kwa odwala, mwinanso sadzafika, ndipo alamu ake athandizidwa ndi mankhwala amene alipo kale, ngati adya. Misozi inali m'maso mwake, koma mawu sanagwedezeke. Kenako anavula nsapato zake za ku ofesi, anamanga chitenje changa, n'kupempha ufa ndi chimera. Anatereka thobwa monga munkachitira inu, mpaka kulawa ndi kuseri kwa chikombe. Sindinkadziwa kuti pa mafunso onse aja ankaoneranso manja anu.

Litapsa anawapatsa yekha, shuga atathira wosaumira. Bambo a Mphatso anamwa pang'onopang'ono, dontho lililonse likulimbana ndi mmero. Atamaliza sanayang'ane Tamanda, anayang'ana ine, ngati mwana wopempha chilolezo, n'kutambasula kapu kuti ndiwonjezere. Mwamuna amene ndakhala naye moyo wanga wonse, kuopa kupempha thobwa m'nyumba mwake. Ndinawathirira, ndinatuluka panja, ndinalira.

Tsopano akudya, ndipo amayi a kutchalitchi ndinawapepesa, zigubu zayambanso kulowa. Lachinayi tibwerera ku sikelo. Sindikudziwa kuti inena chiyani, ndipo mantha ndili nawo.

Ndikudziwa kuti mkamwini wanuyu munkamukonda kuposa ine, koma musafulumire kumuyalira mphasa, ndikadamufuna kuno. Ndikukulonjezani chinthu chimodzi: tsiku limene adzafike kwanuko, kaya ndi liti, sadzafika ndi njala.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esnath