Chithunzi cha azakhali pa kanjira ka kunyanja

LACHITATU

Kamlomo 15:02
sisi mitingi ija yatha. a khonsolo anabwera ndi chimapu chachikulu ngati chitseko. pali hotela, mabenchi, timitengo tobiriwira, ndinadziona ndikuyenda pamenepo ndi magalasi akuda kkkk

Kamlomo 15:03
koma kanjira kathu kotsikira kunyanja palibe. ajambulapo mpanda

Sisi 15:21
ka kuseri kwa sitolo kaja? nde anthu azifika bwanji kumadzi

Kamlomo 15:22
akuti tizikazungulira ku geti, ulendo wa ola lathunthu. pokhapokha wina abweretse umboni woti anthu akhala akudutsapo zaka 20. mayi wa khonsolo amene anabweretsa mapuyo akuti za pakamwa ayi, akufuna chithunzi chokhala ndi deti. last day lachisanu 4 koloko

Kamlomo 17:40
SISI. nkhani ilipo, khalani pansi

Kamlomo 17:41
ndapeza azakhali kuchipinda atakhala pabedi, chitini chawo cha mabatani chili pamwendo. pansi pa mabatani muli chithunzi. iwowo ali mtsikana, diresi lachikasu likuuluka ndi mphepo, aima pa kanjira pompaja, mwala wosweka uja ukuoneka, nyanja kumbuyo ili mbee

Kamlomo 17:41
agwirana dzanja ndi mwamuna. SI ANKOLO

Sisi 17:58
iwe pakamwa pako. ndani

Kamlomo 17:59
akuti ankagwira ntchito mu sitima ya pamadzi. anatsikira kanjira komweko tsiku lina mmawa, anati abwera mvula ikayamba. mvula zagwa 26

Kamlomo 18:00
nde ndadziwa chfkw chake amakachapira kumeneko pomwe mpopi uli pakhomo. amakachapa timalaya tiwiri, kenako amangoyang'ana kutali mpaka thovu kuuma m'manja

Sisi 18:04
deti ilipo?

Kamlomo 18:04
ilipo, timanambala tofiira pakona. koma kona yake ndi ya kumapazi kwa bamboyo. ukamudula wadula deti 😭

LACHINAYI

Kamlomo 07:15
azakhali anatenga sizasi, anaigwira mpaka tiyi kuzizira, aibweza. akuti zithunzi zonse zikamatidwa pa bolodi ku holo, aliyense aziona. akuti ankolo ako ndiwayika pati mwana iwe

Kamlomo 07:16
ankolo ali phee pakhonde akukonza wailesi ya eni ake, sakudziwa kanthu

Sisi 12:30
usauze munthu wamva

Kamlomo 12:31
ine?? ndauza inu nokha. ndi mayi a pa sitolo pang'ono

Sisi 12:31
KAMLOMO

Kamlomo 16:10
[mawu 0:48]

Sisi 16:45
ndili pa ntchito sindingamvere, lemba

Kamlomo 16:46
ndimati azakhali ndinawaperekeza kunyanja. anavula nsapato akuyenda pang'onopang'ono, akugwira udzu wa m'mbali ngati akutsanzika. akuti mchenga wa apa umadziwa mapazi anga. anthu a mpanda akhoma kale timitengo tofiira. palibe wina wapeza chithunzi sisi, onse ali ndi za pa foni za chaka chatha

LACHISANU

Sisi 13:05
zili pati

Sisi 14:20
iwe

Kamlomo 15:12
sorry foni inali pa chaji. chithunzi chasowa m'chitini!! azakhali akhuthula mabatani nyumba yonse, akundiyang'ana ine. ndalumbira mpaka misozi

Kamlomo 15:13
ankolonso kulibe, njinga kulibe

Kamlomo 15:49
tili ku holo. chili pa bolodi sisi. chonse, chosadula. ankolo aima pambali avala jekete la ku ukwati, anthu akunong'onezana

Kamlomo 15:53
mayi wa mapu wafunsa kuti angatsimikize ndani kuti detiyo ndi yoona. ankolo akuti ine, kamera inali yanga, ndinkajambula anthu kunyanja nthawi imeneyo. akuti ndinawauza kuti sekani, mwamunayo anaseka, mkaziyo anayang'ana madzi. akuti ndinachitsuka kawiri, china chili kwa ine

Sisi 15:54
ayi ayi ndikulira mu basi

Kamlomo 15:58
mayi uja watenga pensulo wajambula kamzere pakati pa mpanda mpaka kumadzi. kakang'ono ngati ulusi koma kalipo

Sisi 16:30
azakhali akuti chani

Kamlomo 16:52
atsikira kanjira awiriwiri, ankolo akukankha njinga, nsapato za azakhali zili pa keliyala

Kamlomo 16:52
ndimafuna ndiwatsatire ndikamve

Kamlomo 16:55
ndakhala pa mwala