Zimene Dokotala Anaona M'maso mwa Amayi

Chipoka, 9 Ogasiti 1953

Okondedwa alamu a Fanuel,

Ndikhulupirira muli bwino ku Halaleko. Kuno tilipo, kungoti mwera wavuta ndipo chambo chikusowa.

Sabata yatha kunabwera dokotala wofufuza chimene chikuchititsa anthu khungu kunyanja kuno. Ataunika amayi anga m'maso ndi kanyali, anati, "Mtsempha wa kuseri kwa diso unauma. Ndi nthenda, ndipo imayenda m'magazi." Ndinafunsa ngati munthu angaumitse mtsemphawo ndi mankhwala. Womasulira anaseka, ine ndinangowerama.

Alamu, mukudziwa kuti amayi atasiya kuona, woombeza ula analoza mlongo wanu Eveles. Mukudziwanso zimene ine mwamuna wake ndinamunena pagulu. Akadali kwawo ku Chitala. Kawiri ndafika pamphambano ya ku Chitalako ndi njinga, n'kubwerera.

Dokotalayo anandiunikanso ine. Atatha, analemba dzina langa pansi pa la amayi. Pepani ngati mizereyi yakhota.

Mukamamulembera Eveles, mumuuze kuti amayi amamufunsa. Zinazo kaya. Ndikapitako tsopano adzati ndabwera kudzafuna wondigwirira ndodo, ndipo sindikudziwa ngati adzakhala akunama.

Ndine mlamu wanu, ngati mukundiwerengerabe,
Samueli