Mzere wa Odwala Wandiimitsa Mutu

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine kuno ndili bwino, kungoti maso akuwawa ndi kompyuta.

Kuntchito andipatsa kuti ndilembe pulogalamu yosunga mzere wa odwala pachipatala. Aka n'koyamba kundisiyira ntchito ndekha, ndipo abwana anena mosabisa kuti akaiona m'pamene aganize zondilemba ntchito yokhazikika.

Chandivuta ndi kusankha mndandanda woti mayina azikhalamo, poti odwala amachuluka n'kumachepa tsiku lonse. Mitundu yake ilipo iwiri. Wina uli ngati benchi: aliyense ali ndi nambala ya malo ake, ukamufuna umangoloza. Koma ukalowetsa munthu pakati, onse akumbuyo ayenera kusendera, ndipo benchi ikadzaza umawasamutsira pa ina yokulirapo. Winawo uli ngati anthu ogwirana manja. Kulowetsa munthu n'kungomasula manja, koma kuti upeze pomulowetsapo umayenda mmodzimmodzi kuchokera koyambirira.

Mnzanga wa tebulo loyandikana nane, timamutcha Mafulumira, akuti ndingotenga wa benchi chifukwa ndi umene aliyense amagwiritsa ntchito, komanso nthawi zambiri umathamanga. Mwina akunena zoona. Ndinamuyankha kuti sindikukana, koma aliyense ameneyo sanaimepo pamzere wa chipatala. Anaseka, nati ndidzamera imvi ndisanalembe kanthu.

Ndiye pempho langa nali, poti safunsa anadya phula. Inu mwakhala pawindo lolandirira odwala zaka zambiri. Chimachitika kwambiri n'chiyani: kulowetsa wodwalitsitsa patsogolo, kuchotsa amene watopa n'kubwerera kwawo, kapena kufufuza munthu ndi nambala yake? Nanga mzere umatalika kufika pati? Musandikongoletsere ayi. Mundiuze za tsiku loipitsitsa, lija mumafika kunyumba osafuna kulankhula ndi munthu.

Mukandiyankha ndiyesa mitundu yonse iwiri ndi zimene mundiuzezo, ndipo umene upambane ndi womwewo, ngakhale utakhala wa Mafulumira. Sindilola kuti mayi wobwera ndi mwana wokomoka aime pawindo kudikira kompyuta yanga kuti iganize.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, amalume ndi ana onse. Muwauze amayi kuti ndibwera ntchitoyi ikatha, osati isanathe.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsirizira